Foni yanga ya zaka zitatu yayamba kuchedwa, ndiyambire pati?

Nabanda:
Moni kwa nonse a pagulu lino. Foni yanga ndi ya Android, ndakhala nayo zaka zitatu, ili ndi malo osungira zinthu okwana 64 GB ndiponso RAM ya 3 GB. Ili yatsopano inkachita zonse mwachangu, koma miyezi inayi yapitayi yasintha kwambiri. Ndikatsegula WhatsApp ndimadikira kanthawi sikirini ili yoyera, ndikamalemba uthenga zilembo zimatsalira m'mbuyo kenako n'kutulukira pamodzi, ndipo dzulo ndinalephera kuyankha munthu amene amandiimbira chifukwa batani loyankhira linakana kuyenda mpaka foni inasiya kulira. Sindinaigwetsepo ndipo sinalowepo madzi. Mwana wa mchimwene wanga anandiikira pulogalamu yoyeretsa foni, imene ndimaigwiritsa ntchito m'mawa uliwonse. Imandiuza kuti yachotsa zinyalala zambiri, koma pakangotha ola limodzi zonse zimabwerera mwakale. Kodi foni imatha ngati mmene nsapato imathera, kapena pali chimene ndikulakwitsa? Ndikufuna kumvetsa ndisanaganize zogula ina.

Chisomo:
Amayi, musavutike mtima kufufuza zambiri. Sungani zithunzi zanu pena pake, kenako fufutani zonse kuti foniyo ibwerere mmene inalili pochokera kufakitale. Koma kunena zoona, foni ikakwanitsa zaka zitatu ndiye kuti nthawi yake yakwana, chifukwa makampani opanga mafoni amatumiza apudeti yoti ichedwetse mafoni akale n'cholinga choti tigule atsopano. Ine ndinasiya kuvomereza apudeti iliyonse pa chifukwa chimenechi.

A Mwale:
Mayi Nabanda, chonde musafufute kanthu panopa. Achimwene a Chisomo sakunama kuti kufufuta zonse kumathandiza nthawi zina, koma amenewo ndi mankhwala omaliza. Ndakhala ndikukonza mafoni kwa zaka zambiri, ndipo ndaona anthu akutaya zithunzi za ana awo, kenako pakatha milungu iwiri foni n'kuyambiranso kuchedwa chifukwa abwezeramo katundu yemwe uja amene anailemetsa poyamba. Mawu akuti foni ikuchedwa amabisa matenda osiyanasiyana amene zizindikiro zake zimafanana. Foni imachedwa malo osungira akadzaza, imachedwa RAM ikachepa, imachedwa ikatentha kapena batire likatha mphamvu, ndipo nthawi zina foniyo ilibe vuto lililonse koma netiweki ndi imene ikukwawa. Matenda alionse ali ndi mankhwala ake, choncho kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndikupempheni kuti mulowe mu Settings, mupeze pamene palembedwa Storage, ndipo mutiuze malo amene agwiritsidwa ntchito ndi chimene chatenga malo ambiri. Mutiuzenso ngati foniyo imatentha kumbuyo, komanso tsiku limene munaizimitsa komaliza n'kuiyatsanso.

Chinthu chimodzi chokha chimene ndinganene mosakayika ndisanamve mayankho anu n'chakuti pulogalamu yoyeretsa ija muichotse lero. Zimene imazitchula kuti zinyalala nthawi zambiri ndi cache, kutanthauza tizithunzi ndi tizidutswa timene pulogalamu iliyonse imasunga pafupi kuti mawa isadzatitengenso pa intaneti. Mukatifufuta m'mawa uliwonse, mapulogalamu anu amayamba tsiku ali chimanjamanja, n'kuyambanso kutsitsa zomwe zija, ndipo n'chifukwa chake pakatha ola nambala ija imabwerera. Kuwonjezera apo, pulogalamu yoteroyo imakhala maso usana ndi usiku, ikudya RAM yomweyo imene ikunena kuti ikupulumutsa, uku ikukuonetsani zotsatsa malonda, popeza ndi mmene eni ake amapezera ndalama. Mu February 2020 kampani ya Google inachotsa pa Play Store mapulogalamu pafupifupi 600 chifukwa cha zotsatsa malonda zosokoneza, ndipo pakati pawo panali a kampani ya Cheetah Mobile, imene inapanga Clean Master, pulogalamu yoyeretsa imene inali yotchuka kwambiri pa nthawiyo.

Nabanda:
Zikomo a Mwale. Ndaona, ndipo ndachita manyazi. Pa 64 GB paja, foni ikunena kuti 62 GB yadzaza. WhatsApp yokha yatenga 24 GB, zithunzi ndi mavidiyo a kamera atenga 15 GB, zotsalazo ndi mapulogalamu ndi Android mwini wake. Uthenga wochenjeza kuti malo atsala pang'ono kutha ndakhala ndikuuona kwa miyezi ingapo, koma ndinkangouchotsa poganiza kuti bola zithunzi zikujambulikabe. Imatentha ndikamaonera mavidiyo ili pa tchaja. Zozimitsa sindikukumbukira, mwina inazima yokha mwezi wathawu pamene inatha moto.

A Mwale:
Ndiye kuti wakuba wamkulu tamupeza, ngakhale mwina ali ndi anzake. Ndilongosole chifukwa chake kudzaza kumachedwetsa foni, popeza anthu ambiri amaganiza kuti malo osungira ali ngati sutukesi, imene imagwira ntchito chimodzimodzi kaya ili theka kaya yadzaza.

Kachipangizo kosungira zinthu m'foni kali ndi khalidwe lachilendo. Kamatha kulemba pang'onopang'ono, koma sikangalembe pamwamba pa zimene zinalembedwa kale, ndipo pofufuta sikafufuta kachidutswa kamodzi koma chigawo chathunthu. Yerekezerani kope limene mungalembemo mzere umodzi umodzi, koma mukafuna kufufuta mzere umodzi muyenera kufufuta tsamba lonse. Kope likakhala ndi masamba ambiri opanda kanthu palibe vuto, mumangopita patsamba latsopano. Likatsala pang'ono kudzaza, kuti mulembe mzere umodzi wokha muyenera kuyamba mwakopera mizere yofunika ya patsamba lina n'kuiika pena, kufufuta tsambalo, kenako n'kulemba. Ntchito imene inali imodzi yasanduka zitatu. Tsono foni imalemba nthawi zonse, ngakhale inu musakusunga kanthu: uthenga uliwonse ukafika umalembedwa, pulogalamu iliyonse ikatseguka imalemba tizinthu take, ngakhale kiyibodi imalemba mawu amene ikuphunzira kwa inu. Zilembo zanu zija zimatsalira m'mbuyo chifukwa zikudikira pamzere umenewu.

Android ili ndi njira yokonzeratu masamba opanda kanthu, yotchedwa TRIM, imene inabwera ndi Android 4.3 mu 2013, anthu atadandaula kwambiri kuti zipangizo zawo zikumachedwa pakangotha miyezi ingapo. Imagwira ntchito yokha foni ikakhala chete ili ndi moto wokwanira, kawirikawiri usiku. Koma singakonze masamba amene kulibe. Mafoni otsika mtengo amavutika msanga chifukwa ambiri amagwiritsa ntchito mtundu wa chosungira wotchedwa eMMC, umene ndi wochedwa kale poyerekeza ndi UFS ya m'mafoni apamwamba. Ine ndimalangiza anthu kuti asiye pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi lili lopanda kanthu, ndipo kwa inu zimenezi zikutanthauza 6 GB kapena 7 GB. Mukafika pa 10 GB ndi bwino kwambiri.

Yambirani pa WhatsApp. Mu Settings ya WhatsApp yomweyo, pitani pa Storage and data, kenako Manage storage. Mudzaona mafayilo onse oposa 5 MB atasonkhanitsidwa pamodzi, komanso amene anatumizidwa kambirimbiri kuchokera gulu lina kupita gulu lina, ndipo m'munsi mwake muli mndandanda wa magulu ndi anthu malinga ndi malo amene atenga. Ndikulosera kuti magulu awiri kapena atatu ndi amene adya theka la 24 GB ija. Mukamaliza, bwererani pa Storage and data n'kuletsa kuti mavidiyo ndi zithunzi zisamadzitsitse zokha, apo ayi mudzakhala mukutunga madzi ndi dengu. Mavidiyo a kamera asamutsireni pa kompyuta kapena pa akaunti yanu ya pa intaneti. Kenako muzimitse foni n'kuiyatsanso, muisiye pa tchaja usiku wonse, ndipo mudzatiuze mawa.

Mayi Phiri:
Ndiwonjezere chenjezo pa zimene a Mwale anena, chifukwa ine zinandionekera. Mukalowa mu Settings n'kusankha pulogalamu imodzi, mumapeza mabatani awiri oyandikana, lina lolembedwa Clear cache ndipo lina Clear data kapena Clear storage. Loyambalo silivulaza kanthu. Lachiwirilo limabwezera pulogalamuyo ngati yangoikidwa kumene, ndipo mukalikhudza pa WhatsApp musanasunge makalata anu ku akaunti ya Google, mukhoza kutaya mauthenga. Ine ndinataya a chaka chathunthu, kuphatikizapo mawu amene malemu mayi anga ananditumizira. Achemwali, musanayambe ntchito imeneyi pitani pa Chats, kenako Chat backup, ndipo mudikire mpaka itamaliza.

Chinanso n'chakuti mukafufuta zithunzi, mafoni ambiri sazichotsa nthawi yomweyo koma amazisunga m'nkhokwe ya zofufutidwa kwa masiku 30, ndiye malo saoneka kuti awonjezeka. Muyenera kulowa m'nkhokwemo n'kuzichotsanso, mutatsimikiza kuti palibe chimene mudzachifune.

Chisomo:
Zonsezi ndikuvomereza, koma palibe amene wayankha mfundo yanga. Kodi si zoona kuti kampani ya Apple inagwidwa ikuchedwetsa mafoni akale mwadala, mpaka inalipitsidwa chindapusa? Ngati kampani yaikulu choncho inachita zimenezi, n'chifukwa chiyani tizikhulupirira kuti ena sachita? Mwina amayiwa akonza malo osungira, koma apudeti yotsatira idzawabwezera pomwe anali.

A Gondwe:
Achimwene, nkhani imene mukunenayo inachitikadi, ndipo ine ndinali ndi iPhone pa nthawiyo, choncho ndinaitsatira mwachidwi. Koma ndi bwino kuifotokoza yonse, chifukwa phunziro lake si limene ambiri amatengapo.

Batire la foni likamakalamba silimangosunga moto wochepa, limalepheranso kupereka mphamvu yambiri pa kanthawi kochepa. Purosesa, imene ili ngati ubongo wa foni, ikafuna mphamvu mwadzidzidzi, mwachitsanzo potsegula kamera, batire lokalamba limagwa mphwayi ndipo foni imazima ngakhale ikusonyeza kuti moto ulipo 30 peresenti. Zimenezi zinkachitikira mafoni a iPhone 6, 6s ndi SE. Kumayambiriro kwa 2017, mu apudeti ya iPhone yotchedwa iOS 10.2.1, Apple inaika njira yoti foni ikazindikira kuti batire lafooka, izichepetsa liwiro la purosesa kuti isamazime. Cholakwa chake chachikulu chinali kusauza anthu. Munthu ankaona foni ikuchedwa n'kukagula yatsopano, pamene kusintha batire kokha kukanaibwezera liwiro lake. Apple inavomereza mu December 2017 anthu atayeza okha n'kutulutsa umboni, ndipo mu 2018 inatsitsa mtengo wosinthira batire ku United States kuchoka pa madola 79 kufika pa madola 29. Mu iOS 11.3 inaika gawo la Battery Health, limene limaonetsa mphamvu imene yatsala m'batire ndiponso limalola mwini foni kuzimitsa kuchedwetsako. Mu February 2020 boma la France linailipitsa mayuro 25 miliyoni, ndipo mlandu wake unali wosadziwitsa ogula.

Choncho mukunena zoona kuti makampani sitingawakhulupirire mwachimbulimbuli. Koma kwa munthu amene foni yake ikuchedwa, phunziro ndi lakuti ayang'ane batire asanataye foni. Apple yomweyo imanena kuti mabatire a iPhone 14 ndi akale kuposa pamenepo anapangidwa kuti asunge 80 peresenti ya mphamvu zake akatchajidwa modzaza maulendo 500, ndipo munthu wotchaja tsiku lililonse amafika pamenepo zaka ziwiri zisanathe. Kwa a Android, batire lofooka limachedwetsa foni m'njira ina imene anthu saiganizira: moto ukayamba kutha msanga, mwini wake amayatsa Power saving n'kuisiya choncho mpaka kalekale, osadziwa kuti njira imeneyi imapulumutsa moto pomanga miyendo purosesa. Pa mafoni a Samsung zimalembedwa poyera kuti liwiro la purosesa litsitsidwa kufika pa 70 peresenti.

Zokana apudeti iliyonse ndiye sindikugwirizana nazo. Ambiri mwa maapudeti ang'onoang'ono amatseka mipata imene akuba amalowera, ndipo foni imene muli nayo akaunti ya kubanki si yoisiya chitseko chili pululu.

Tiyamike:
Ndifunse nawo, popeza nkhani ya RAM yatchulidwa koma sinafotokozedwe. Ine ndili ndi chizolowezi chotseka mapulogalamu onse ndikangomaliza kugwiritsa ntchito foni, mwina kakhumi pa tsiku, poganiza kuti ndikuipumitsa. Kodi ndikuithandiza? Komanso foni yanga ili ndi malo ena amene amati ndikhoza kuwonjezera RAM ndi 4 GB kuchokera m'malo osungira. Ndiyatse?

A Mwale:
A Tiyamike, chizolowezi chimenecho chimakhazika mtima pansi koma foni sichiithandiza. RAM ili ngati tebulo logwirirapo ntchito, pamene malo osungira ali ngati kabati. Pulogalamu imene mwangoisiya imakhala patebulo ili m'tulo, sikudya moto wodziwika, ndipo mukaifunanso imadzuka pomwepo. Mukaitseka ndi dzanja, mwaibwezera m'kabati, ndipo ulendo wotsatira foni iyenera kuitulutsanso yonse, ntchito imene imatenga nthawi ndi moto wambiri kuposa kuidzutsa. Tebulo likadzaza, Android imachotsapo yokha zimene zakhalitsa osagwiritsidwa ntchito. Kuyambira pa Android 6.0 ya mu 2015, imene inabweretsa njira yogoneka mapulogalamu yotchedwa Doze, komanso Android 8.0 ya mu 2017, imene inachepetsa zimene pulogalamu ingachite mwini foni asakuiona, ntchito imeneyi foni imaidziwa kuposa ife. Tsekani pulogalamu imene yaima kapena imene ikuchita zachilendo, zinazo zisiyeni.

Kumene RAM imakhaladi vuto ndi pamene tebulolo lachepa poyerekeza ndi katundu wa masiku ano. Apa ndi pamene mfundo ya a Chisomo ili ndi choonadi china, ngakhale popanda chiwembu cha wina aliyense. Foni ya Mayi Nabanda ili ndi 3 GB yomwe ija ya zaka zitatu zapitazo, koma WhatsApp, Facebook ndi Chrome za lero si zimene zinalipo pamene ankaigula. Chaka chilichonse zimawonjezera zinthu, ifenso timazikonda zinthuzo, ndipo walira mvula walira matope. Ngakhale Android Go, mtundu wopepuka umene Google inayambitsa mu 2017 poganizira mafoni a RAM ya 1 GB kapena kucheperapo, pofika pa Android 13 unayamba kufuna 2 GB. Chizindikiro cha RAM yochepa n'chosavuta kuchiona: mukuchoka pa pulogalamu ina kupita pa ina, ndipo pobwerera mukupeza yoyamba ija ikuyambiranso pachiyambi, zimene munalemba zitasowa.

Mankhwala ake ndi kuchepetsa okhala patebulo. Chotsani mapulogalamu amene simunawatsegule miyezi itatu, makamaka amasewera ndi amalonda amene amatumiza mauthenga okha. Amene anabwera ndi foni ndipo sachotseka, ambiri amalola kuwakhudza pa Disable. Facebook Lite, imene ilipo kuyambira 2015, imapepuka kwambiri kuposa inzake yaikulu, ndipo masamba ambiri mukhoza kungowatsegula mu Chrome osaika pulogalamu yake.

RAM yowonjezera imene mwafunsayo si RAM yeniyeni. Foni imabwereka mbali ya kabati n'kumaitcha tebulo, koma kabatiyo ndi yochedwa kwambiri poyerekeza ndi RAM. Imathandiza pang'ono kuti mapulogalamu asamatsekeke msanga, koma siwonjezera liwiro, ndipo pa foni yodzaza kale ngati ya Mayi Nabanda imangolanda malo amene tikuvutikira kuwapeza. Ngati malo muli nawo ambiri yesani kwa mlungu umodzi muone. Ngati mulibe, isiyeni yozimitsa.

A Gondwe:
Pali chiyeso china chachidule chimene ndimauza anthu a kunyumba kwanga asanayambe kudandaula. Yatsani Airplane mode, kenako tsegulani zinthu zosafuna intaneti monga kamera, zithunzi, Settings ndi chowerengera masamu. Zikatseguka mwachangu, foni yanu ili bwino ndipo vuto ndi netiweki kapena Wi-Fi, choncho kufufuta zithunzi sikungathandize kanthu. Zikachedwabe, vuto lili m'foni. Ndiponso foni ikangolandira apudeti yaikulu ya Android, musaiweruze tsiku lomwelo, chifukwa imakhala ikukonzanso mapulogalamu onse kuti agwirizane ndi dongosolo latsopano, ndipo mbali yaikulu ya ntchitoyi imachitika ili pa tchaja osagwiritsidwa ntchito. Tsiku limodzi kapena awiri imatentha ndi kuchedwa, kenako imakhazikika. Ambiri amene amati apudeti yawaonongera foni amanena zimenezi m'maola oyambirira omwewo.

Nabanda:
Ndabweranso monga ndinalonjezera. Ndinayamba ndi kusunga makalata monga Mayi Phiri analangizira, ndipo ndikuthokoza chifukwa ndinapeza kuti ndinali ndisanasungepo chiyambire chaka chatha. A Mwale munalosera bwino: magulu awiri okha anali ndi 13 GB, ambiri mwa mavidiyowo ndinali ndisanawaonere n'komwe, ndipo vidiyo ina ndinaipeza kanayi. Pano ndili ndi malo opanda kanthu okwana 19 GB, pulogalamu yoyeretsa ndachotsa, ndipo foni yagona pa tchaja. Kusintha kwake n'koonekeratu, kiyibodi ikuyenda limodzi ndi zala zanga ndipo WhatsApp ikutseguka msanga.

Koma zinthu ziwiri zatsala. Nthawi zina chotsatsa malonda chimadzaza sikirini yonse ngakhale ndisanatsegule pulogalamu iliyonse, ndipo foni imaima kaye chisanatuluke. Chachiwiri, ikatentha imayambiranso kukoka miyendo, makamaka pa mavidiyo.

A Mwale:
Chotsatsa malonda chotulukira pasikirini popanda pulogalamu yotseguka ndi chizindikiro chakuti muli mlendo wosaitanidwa. Kawirikawiri amalowa ngati tochi, chosinthira zithunzi, chowerengera mafayilo a PDF kapena masewera aulere, ndipo ena amabisa chizindikiro chawo kuti musawaone pamndandanda wa pasikirini. Njira yomugwirira ndi Safe mode. Pa mafoni ambiri a Android mumadina batani lozimitsira, kenako n'kukanikiza chala pa mawu akuti Power off kwa kanthawi mpaka foni itakufunsani ngati mukufuna Safe mode. Ikayaka motero, mapulogalamu onse amene munaika nokha amakhala ogona, ndipo amagwira ntchito ndi okhawo amene anabwera ndi foni. Zotsatsazo zikasiya, mwatsimikiza kuti wolakwa ndi mmodzi mwa oikidwa. Lowani mu Settings, pa Apps, muwerenge mndandanda wonse modekha, ndipo mukayikire dzina lililonse limene simukulidziwa, makamaka lopanda chithunzi kapena lopanda dzina n'komwe. Yambani kuchotsa zimene zinaikidwa pafupi ndi nthawi imene vutoli linayamba. Pulogalamu ikakana kuchoka, yang'anani pa Device admin apps, chifukwa ena amadzipatsa udindo pamenepo, ndipo muyenera kuwalanda udindowo kaye. Pomaliza tsegulani Play Store, mupite pa Play Protect, muiuze ifufuze. Kuzimitsa ndi kuyatsanso kumakutulutsani mu Safe mode.

Za kutentha, foni ikuchita zimene inapangidwira. Ilibe chokupizira mphepo ngati kompyuta, ndiye njira yokhayo imene ili nayo yodziziziritsira ndi kuchepetsa liwiro la purosesa. Apple imalemba kuti mafoni ake agwiritsidwe ntchito pamalo otentha madigiri 0 mpaka 35, ndipo mafoni ena sasiyana kwenikweni ndi malire amenewa. Mukamaonera vidiyo foni ili pa tchaja, mwaphatikiza moto utatu: batire likutentha chifukwa likulandira mphamvu, purosesa ikutentha chifukwa ikugwira ntchito, sikirini nayo ikutentha. Chikwama chokhuthala chimatsekera kutenthako mkati, ndipo netiweki ikakhala yofooka foni imawonjezera mphamvu poisakasaka. Itchajeni payokha, ili pamalo olimba osati pa pilo kapena m'bulangete, ndipo muzionera mavidiyo mutaichotsa pa tchaja. Musaiike m'firiji, chifukwa chinyezi chimene chimapangika mkati chimaononga kuposa kutenthako.

Chinthu chimodzi muchione lero lomwe. Ichotseni m'chikwama n'kuiika patebulo losalala. Ikamagwedera, kapena mukaona kuti chivundikiro cha kumbuyo kapena sikirini yayamba kutukuka m'mbali, batire lafufuma. Likatero si nkhani ya liwiro ayi, ndi ngozi ya moto. Musalitchajenso, musalikanikize, ndipo mupite nalo kwa wokonza wodalirika kuti alisinthe.

Chisomo:
Ndavomera kuti ndinafulumira ndi zofufuta zonse, ngakhale za makampani sindinasinthe maganizo kwenikweni. Ndili ndi njira ziwiri zimene palibe wazitchula. Yoyamba ndi kulowa pa About phone, kukhudza Build number kasanu ndi kawiri kuti Developer options itseguke, kenako kutsitsa manambala atatu a animation kuchoka pa 1x kufika pa 0.5x. Foni imaoneka ngati yatsopano. Yachiwiri ndi kugula memori khadi yaikulu n'kusamutsira mapulogalamu onse kumeneko.

A Mwale:
Yoyambayo ndi yabwino ndipo inenso ndimaichita, bola tidziwe chimene ikuchita. Purosesa siwonjezera liwiro. Chimene chafupika ndi kanthawi kamene zenera limatenga potseguka ndi potsekeka, ndiye maso amaona ngati zinthu zikufulumira. Palibe cholakwika ndi zimenezo. Pempho langa ndi lakuti mukalowa mu Developer options musinthe manambala atatu okhawo, chifukwa muli zinthu zina monga Don't keep activities zimene zikayatsidwa zimachititsa foni kutseka tsamba lililonse mukangolisiya, ndipo anthu amabwera nazo kwa ine akuganiza kuti foni yafa.

Yachiwiriyo ndikutsutsa. Memori khadi ndi yabwino posungira zithunzi, nyimbo ndi mavidiyo, zinthu zikuluzikulu zimene zimawerengedwa motsatizana. Mapulogalamu amawerenga ndi kulemba tizidutswa ting'onoting'ono tambirimbiri tobalalika, ndipo pa ntchito imeneyi makhadi ambiri ndi ochedwa kuposa chosungira cha m'foni. N'chifukwa chake anakhazikitsa zizindikiro za A1 ndi A2 zosonyeza makhadi oyenera mapulogalamu. Khadi lachinyengo kapena lotha ntchito limatha kuimitsa foni yonse pamene ikuyesayesa kuliwerenga, moti foni ikamachedwa ili ndi khadi, ndimayamba ndalichotsa kaye n'kuona ngati pali kusintha.

Kufufuta zonse kuli ndi nthawi yake, pamene zonsezi zayesedwa ndipo foni ikuchedwabe ngakhale mu Safe mode. Wochita zimenezo atsimikize kuti akukumbukira imelo ndi mawu achinsinsi a akaunti ya Google imene ili m'foniyo, chifukwa ikayaka imatha kuwafunsa, ndipo popanda amenewo imakhala yokhoma ngakhale kwa mwini wake.

Nabanda:
Mlendo uja ndamupeza. Anali pulogalamu yoika maluwa m'mbali mwa zithunzi, imene ndinaiika pa tsiku lobadwa la mwana wanga miyezi inayi yapitayo n'kuiiwala, ndipo pamndandanda wa Apps inali kumapeto kwenikweni yopanda chithunzi. Chichotsereni sindinaonenso chotsatsa chilichonse. Foni ndaiika patebulo ndipo yagona bwinobwino osagwedera, koma moto ukumatha pofika masana, ndipo ndapeza kuti Power saving inali yoyatsa, sindikudziwa kuyambira liti. Ndaizimitsa ndipo kamera ikutseguka msanga, ngakhale tsopano ndikutchaja kawiri pa tsiku. A Mwale, ndikapita kukasinthitsa batire, kodi ndiyenera kuchotsamo memori khadi ndi simu khadi ndisanaisiye kwa wokonza, nanga angafunike mawu anga achinsinsi otsegulira foni?

A Mwale:
Makhadi onse awiri achotseni ndipo muwasunge nokha, komanso musungenso makalata a WhatsApp m'mawa wa tsikulo. Posintha batire safunika kutsegula foni yanu; akamaliza, muiyatse nokha pamaso pake, muone kuti ikutchaja, sikirini ikumva chala m'makona onse, ndiponso chowerengera chidindo cha chala chikugwira ntchito, popeza pa mafoni ambiri kachingwe kake kamadutsa pafupi ndi batire ndipo kamaduka mosavuta potsegula chivundikiro cha kumbuyo.